A Kanthawi a ku Machinjiri

Lole imene inanyamula katundu wa Cecilia Luhanga kuchoka ku Nkolokosa inafika ku Machinjiri dzuwa lili paliwombo. Mwini katunduyo anali atachonderera dalaivala kuti anyamuke chamadzulo, anthu atalowa m'nyumba, koma dalaivala anali ndi ulendo wina wa mchenga ndipo analibe nthawi yosungira munthu manyazi ake. Choncho aliyense amene anali ndi maso anaona zonse: firiji, sitovu yamagetsi, sofa ya maluwamaluwa, kabati ya magalasi, ndi mayi wina wathupi labwino atakhala kutsogolo, kampango kali pamphuno. Kampangoko sikanali ka chimfine ayi.

Cecilia anali atakhala mu Blantyre zaka zoposa makumi awiri, koma ku Machinjiri phazi lake linali lisanapondeko. Kwa iye linali dzina chabe limene makondakitala amakuwa ku Limbe, malo ochokera alonda ndi atsikana antchito. Akanapitako kukatani, mkazi wa a Herbert Luhanga, akauntanti wa m'boma? Koma a Herbert anamwalira pakati pa chaka cha 1995, ndipo nyumba ya ku Nkolokosa inali ya ntchito. Nyumba ya ntchito siidziwa namfedwa. Nkhata zisanafote pamanda ku Rumphi, mayi wina anali atabwera kale kudzayeza mazenera kuti akasoketse makatani ake. Malipiro a Cecilia a utaipisiti sakanafika pa lendi ya nyumba ina yaulemu, ndiye msuweni wa malemu, wokhala ku Lilongwe, anamubwereka nyumba yake yosatha, yopanda magetsi, yopanda siling'i, kuseri kwa chigayo.

Atatsika m'lole, Cecilia anayang'ana phiri la Ndirande, limene zaka zonsezi ankaliona kumaso, n'kupeza kuti kuno limaonekera kumsana. Ngakhale phiri lawafulatira anthuwa, anatero mumtima. Msewu unali ngalande imene mvula inakumba yokha. Nyumba zosapaka pulasitala zinangomera paliponse ngati bowa, iyi yayang'ana kum'mawa, iyo yayang'ana chimbudzi cha mnzake, ndipo panalibe chitseko ngakhale chimodzi chokhala ndi nambala. Anafunsa dalaivala kuti nanga munthu wofuna mnzake amamupeza bwanji kumalo ngati kuno.

"Amafunsa, madamu," anatero dalaivala akumasula zingwe. "Kuno adiresi ndi pakamwa pa anthu."

Cecilia anatsonya. Komatu funso lakelo silinali lachabe. Panali munthu mmodzi amene ankafuna kuti adzamupeze, mmodzi yekha, ndipo dzina lake sankalitchula pagulu. Kumbusko, mwana wake woyamba, analephera mayeso a Fomu 2 kawiri, n'kukalowa upayoniya bambo ake akukana. Kumapeto kwa 1993, asilikali atabalalitsa apayoniya, ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo Kumbusko anapita nawo limodzi. Kuyambira pamenepo kunali zii. Cecilia ankamukonda mwanayo mpaka mtima kuwawa ngati chilonda, ndipo ankachita naye manyazi chimodzimodzi. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti Kumbusko ankadziwa khomo limodzi lokha padziko lonse lapansi, la ku Nkolokosa, ndipo pakhomopo panali pakulowa eni ena. N'chifukwa chake tsiku losamuka anakokera pambali mayi Sophie, neba wake wakale, n'kuwanong'oneza.

"Akadzabwera Kumbusko, mudzamuuze kuti ndili ku Machinjiri, kuseri kwa chigayo. Iye yekha. Wina aliyense akafunsa, munene kuti simukudziwa."

M'mawa mwake kunalibe kuchitira mwina, anatenga ndowa n'kupita kumpope. Amayi a kumeneko anamupatsa malo kutsogolo monga amachitira ndi mlendo aliyense, iye n'kuona ngati amuzindikira kuti si mnzawo. Nkhani imene anaipeza ili mkamwa inali ya ndale, pakuti masiku amenewo, matipate atangobwera, aliyense anali atamasuka lilime, ngakhale amene analibe chonena. Mayi wina wamtali, dzina lake Salome, ankasimba mmene anamubwezera pachipata cha msika kalelo chifukwa chopanda khadi ya chipani, mwana akutentha thupi kumsana.

"Apayoniya aja abwereko kumene anathawirako," anamaliza motero Salome. "Adzationa."

Anzake anavomereza mokweza. Pamenepo m'pamene mayi wina wamfupi, wa mpata kumano, anatembenukira kwa Cecilia. Anali Jesinta, wa ku Nsanje, wokazinga zitumbuwa, mkazi wa kalipentala Venansio. Khonde lake linali moyang'anizana ndi chitseko cha Cecilia, pakati pali kanjira kongokwana wilibala.

"Takulandirani, aneba. Tsono tizikuitanani amake ndani?"

Ku Machinjiri funso limeneli ndiye chitupa cha munthu. Mayi amatchedwa ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo akangolitchula kumpope, pofika madzulo ngakhale ogulitsa makala alidziwa. Mlendo akatsika minibasi n'kutchula dzinalo, amaperekezedwa mpaka pakhomo, chikwama atamunyamulira. Cecilia anayang'ana Salome.

"Mwana ndili naye mmodzi yekha," anatero. "Monalisa. Akuphunzira unamwino."

"Basi ndinu amake Monalisa."

"Ayi, musavutike ndi maina. Kwathu sitiitanana choncho. Komanso ife tili pano kwa kanthawi chabe."

Mabodza awiri pa ndowa imodzi, pakuti ku Rumphi apongozi ake ankamuitana ndi dzina la Kumbusko chibadwireni mwanayo. Amayiwo anayang'anana. Palibe anaseka, anali anthu oleredwa. Anadikira kuti asenze ndowa yake, madzi akumutayikira kumsana chifukwa anali ataiwala kasenzedwe, mpaka anakhota pa chigayo. Pofika madzulo dzina linali litafika kwa ogulitsa makala: a Kanthawi.

Kanthawiko kanadya Khirisimasi, kanadya mondokwa, kanafika mpaka nyengo yozizira ya chaka chotsatira. A Kanthawi sanamasule makatoni. M'firiji yopanda magetsi ankasungamo shuga kuopa nyerere, koma tsiku lililonse ankaipukuta n'kuifunditsa kansalu koluka ngati mawa iyamba kulira. Kumpope sanabwerereko. Analemba mayi wina waganyu, amene ankasiya ndowa pakhomo osaponda m'nyumba. Monalisa anauzidwa kuti asavutike kubwera pa tchuthi, azikumana m'tauni, kuopa kuti angatengere kalankhulidwe ka kuno. M'mawa popita kuntchito Cecilia ankavala nsapato zakale mpaka ku Limbe, kumene ankabisala kuseri kwa sitolo ina n'kuvala gogoda zochokera m'chikwama, kuti dothi la ku Machinjiri lisakamuulule. Anzake a ku ofesi ankadziwa zonse, chifukwa fumbi limene ankapukuta kumapazi linkatsalira m'tsitsi, koma ankamufunsabe kuti ku Nkolokosa kwacha bwanji, kungofuna kumva mmene ayankhire. Lamulungu ankakwera minibasi ziwiri kukapemphera kutchalitchi chake chakale, ngati kuti Mulungu wa ku Machinjiri sanapite kusukulu.

Jesinta anayesetsa, tisamunamizire. Anabwera ndi thobwa m'jagi, thobwalo linakathiridwa kuseri kwa bafa, jagi n'kubwezedwa ndi mayi waganyu. Anabwera kudzanena za maliro a kumtunda, kuti amayi akukumana kukathandiza kuphika, anauzidwa kuti mutu ukuwawa. Anatuma Venansio kuti akakonze chitseko chimene chinkakhula pansi, Venansio anafunsidwa ngati ali ndi satifiketi ya ukalipentala. Anabwera kudzapala moto, kudzabwereka sefa, kudzachenjeza kuti zovala zisagone panja. Kwa Cecilia zonsezi zinali nzeru za akazitape ofuna kuona m'nyumba mwake. Anthu otani osatha kugula machesi? Anthu otani olonjerana katatu pa tsiku, ngati pakati pa m'mawa ndi masana munthu angasanduke wina? Ankanyansidwa ndi fungo la milamba youma imene abale a Jesinta ankabwera nayo kuchokera kuchigwa, ndi Chisena chimene chinkasefukira pakhondepo, ndi nyimbo za mphakati zoimba mopanda manotsi. Potsiriza anapeza mankhwala ake. Akamva "odi", ankazimitsa wailesi n'kuima chilili mpaka wogogodayo atatopa. Aneba onse ankaidziwa wailesi imeneyo. Ankati ndi wailesi yamanyazi, imaopa alendo.

Katoni imodzi yokha ndiyo inkatsegulidwa, chitseko chili chokiya. Munali chithunzi cha Kumbusko atavala yunifomu ya sekondale, tsitsi atalipesa chammbali, akumwetulira ngati munthu amene akhoza mayeso. Cecilia ankachiyang'ana n'kulira, kenaka n'kuchibwezera pansi pa mabulangete. Ndipo Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse, pochoka kutchalitchi, ankadzera ku Nkolokosa, n'kuima kumbuyo kwa nyumba ya mayi Sophie kuti eni atsopano a nyumba yake yakale asamuone.

"Palibe?" ankafunsa Cecilia.

"Palibe, mayi. Tizingopemphera."

Loweruka lina la mwezi wa Julaye, kukuwomba chiperoni, Cecilia ankasita zovala ndi ayironi ya makala imene anakagula ku Limbe n'kubwera nayo atakulunga m'nyuzipepala. Chigayo chinkalira monga chimachitira Loweruka, mpaka makapu m'kabati kunjenjemera. Pakati pa phokosolo anamva mapazi, kenaka chitseko.

"Odi! Odi kuno, aneba!"

Dzanja linapita lokha pa wailesi.

"Aneba, tatsegulani pang'ono," anatero Jesinta panja. "Kuli mlendo wa kwanu komwe, akufunsa njira."

Mtima wa Cecilia unagunda. Anayenda monyang'ama mpaka pazenera n'kupatula katani pang'ono. Pakhonde la Jesinta panakhala mwamuna atafulatira, chipewa chakutha kumutu, jekete lomukulira, khosi loonda ngati la nkhuku ya chitopa. Cecilia anali ndi chizolowezi choyamba kuona munthu kumapazi, ndipo kumapaziko kunali nkhwaira za matayala. Mtima unakhala pansi. Kumbusko wake anali chimnyamata cha mapewa ngati bambo ake, wosatuluka m'nyumba nsapato zisanapolishidwe. Uyu anali mmodzi wa oyendayenda aja, amene ukawatsegulira amayamba ndi "yewo amama" n'kumaliza ndi kupempha pogona. Kwa anthu a kuno aliyense wochokera kupitirira Kasungu ndi mbale wako. Lero ndi uyu, mawa adzakubweretsera wogulitsa mpunga wa ku Karonga kuti umugoneke pa sofa. Anabweza katani.

Jesinta anagogodanso, mwamphamvu tsopano.

"Ndikudziwa mulimo, aneba. Chonde."

Cecilia anaima phee, ayironi ili m'manja, mpaka makala anazirala. Anamva kukoma kwa munthu amene wapambana. Atasuzumiranso, pakhonde paja panali kapu yokha.

M'mawa mwake, potuluka kupita kutchalitchi, anakumana ndi Jesinta atavala chitenje chatsopano, chobiriwira, cha mbalame zachikasu, nsalu yolemera imene sukanaipeza pamsika wa Limbe. Cecilia anachiyang'ana kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Nsalu yabwino chonchi pathupi la wokazinga zitumbuwa! Kumeneko ndiye kuwononga, anatero mumtima.

"Aneba, mlendo wa dzulo uja..."

"Ndachedwa, amayi. Tidzakamba."

Jesinta anayesanso mkati mwa sabata, koma wailesi inachita manyazi ake, iye n'kusiya. Nayenso ndi munthu, ali ndi potopera.

Lamulungu lomaliza la mweziwo Cecilia anadzera ku Nkolokosa monga mwa nthawi zonse. Asanafunse n'komwe, mayi Sophie anamuthamangira manja ali m'mwamba.

"Mwabwera nokha? Mwana mwamusiya kuti? Ine ndimati mubwera naye tidzathokoze Mulungu limodzi!"

"Mwana uti?"

"Kumbusko! Anafika pano Loweruka lija la chiperoni. Waonda, mayi, ndinachita kumuzindikirira mawu. Ndinamuuza za bambo ake, analira pamasitepe pomwepa. Ndinati agone kaye, anakana, amvekere ndikaone amama lero lomwe. Ndinamulozera bwinobwino, kuseri kwa chigayo."

Cecilia sanakumbuke kutsanzika. Tsiku limenelo sanasinthe nsapato ku Limbe. Anatsika minibasi n'kuthamanga ndi gogoda m'ngalande muja mpaka chidendene chimodzi chinathyoka, n'kufika pa chigayo akutsimphina, nsapato ili m'manja. Kwa nthawi yoyamba chisamukireni anadutsa kanjira kaja n'kuima pakhonde la Jesinta.

"Odi," anatero.

Jesinta anatuluka atavala chitenje chobiriwira chija. Anayang'ana mlendo wake kumapazi, kenaka kumaso.

"Lowani, aneba. Kuno wailesi sitizimitsa."

"Mlendo uja. Wa Loweruka lija. Anati chiyani?"

Jesinta sanafulumire. Anakoka mpando, koma Cecilia sanakhale.

"Anafika atatopa, atazungulira chigayo chonsechi kuyambira m'mawa. Akafunsa a Luhanga, palibe owadziwa. Akafunsa amake Kumbusko, palibe. Anthu anamulozera kwa ine poti ndine wakale kuno. Ndinamupatsa madzi. Ndinati achimwene, mayi wakumpoto alipo mmodzi, khomo ndi ilo, koma sangakhale amene mukufunawo. Awa mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, Monalisa."

Cecilia anagwira mzati wa khonde.

"Atamva dzinalo anaika kapu pansi. Anafunsa kuti zoti ali ndi mwana mmodzizo mwamva kwa ndani? Ndinati kwa eni ake, kumpope, tonse tikumva. Anayang'ana chitseko chanu. Ine m'pamene ndinamuona bwino mphumi, n'kuti iii, mphumi iyi ndimaiona m'mawa uliwonse ikundidutsa osandipatsa moni. Ndiye ndinabwera kudzagogoda."

"Bwanji simunanene kuti ndi..."

"Kuti ndi ndani? Ine nditsutse madamu pa nkhani ya ana awo, ndikukuwira panja, chigayo chili ndi anthu? Ndinagogoda. Wailesi anaimva ikulira, anaimvanso ikuzima. Pamenepo m'pamene anatembenuka n'kufulatira chitseko chanu."

"Anapita kuti?"

"Anati akubwerera kumene anachokera, kumeneko sanatchule. Ndinati dikirani, madzulo amatuluka kudzataya madzi. Anaseka pang'ono, amvekere asiyeni, ndawapeza, ali bwino." Jesinta anagwira mfundo ya chitenje m'chiuno. "Ponyamuka anatulutsa ichi m'chikwama. Anati ndinagulira amama anga ku Milanje, ku Mozambique, koma tengani inu, ndinu amene mwandipatsa madzi."

Anachimasula n'kutsala ndi siketi, anachipinda bwinobwino, n'kuchipereka ndi manja awiri. Cecilia anachilandira. Chinkanunkha utsi ndi mafuta a zitumbuwa, ndipo iye anachiika kumaso n'kulira mokweza, kulira kwa kumudzi kumene anali atakuiwala, mpaka amayi amene ankapita kumpope anaika ndowa pansi.

"Kulira sikubweza munthu," anatero Jesinta. "Tiyeni kusiteji, mwina makondakitala anamuona. Koma kumeneko akufunsani kuti wofunsayo ndani."

Anapita, Cecilia wopanda nsapato, chitenje chili pachifuwa, amayi ali pambuyo. Pa siteji anthu anasonkhana monga amachitira kukakhala choonera chaulere. Kondakitala wina anafunsa kuti amayiwa ndi ndani, akufuna ndani.

"Ndine make Kumbusko," anatero Cecilia.

"Amake ndani?" Amene anafunsa anali Salome wamtali uja. "Si paja muli ndi mmodzi yekha?"

"Ndili ndi awiri. Woyamba ndi Kumbusko. Anali mpayoniya."

Anatseka maso kudikira mfuu. Kunalibe mfuu. Wogulitsa nzimbe anapitiriza kusenda nzimbe yake, ndipo Salome anangogwedeza mutu momumvera chisoni, chinthu chimene chinamupweteka Cecilia kuposa mwala.

"Ndiye munabisira chimenechi? Mukanatero kale, mayi, tikanamugwira mkono mpaka pakhomo. Zokuwa kumpope zija n'za pakamwa. Mwana wa mchemwali wanga nayenso anali komweko, anabwera chaka chatha. Ndi uyo akukhoma zidebe pansi pa mtengo apoyo."

Makondakitala anayesa kukumbukira, koma anthu oonda ovala nkhwaira amakwera ambiri. Wina anati mwina analowera ku Limbe, wina anati mwina ku Chirimba, wachitatu anati masabata apita, amayi, ife sitisunga nkhope. Venansio analonjeza kukafunsa ku mabasi a ku Mulanje, ndipo anapitadi, n'kubwerako chimanjamanja.

Pofika madzulo a tsiku limenelo dzina latsopano linali litafika kwa ogulitsa makala. Cecilia anamasula makatoni, anapachika chithunzi pakhoma, ndipo chitseko chake chinayamba kukhala chotsegula kuyambira m'mawa, iye ali pakhonde, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi kumaso. Tsopano ngakhale munthu wa ku mapeto kwenikweni kwa Machinjiri akanatha kumuperekeza mlendo mpaka kwa amake Kumbusko, kuseri kwa chigayo. Wofunsa dzinalo ndiye sanabwerenso.